Kusankha kebulo ya makamera a chitetezo pakhomo: yambani ndi kopa

Kamera ikamaonetsa bwino masana onse koma n'kumazima dzuwa likangolowa, ambiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa kamera yachinyengo. Kawirikawiri vuto limakhala m'kebulo. Kukada, kamera imayatsa timagetsi ta infrared toonera mumdima, ndipo mphamvu imene imakoka imakwera nthawi yomweyo. Ngati kebulo ndi yofooka kapena mutu wake wolumikizira wachita dzimbiri, magetsi amafika operewera, kamera imazima, n'kuyaka, n'kuzimanso, ndipo ola limene akuba amayenda ndi lomwelo limene chojambulira chilibe chithunzi. Choncho posankha kebulo ganizirani magetsi odutsamo ndi malo amene idzagone. Nambala ya Cat, yosonyeza gulu la kebulo monga Cat5e kapena Cat6, imene ogulitsa amaionetsa ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi ibwere pambuyo.

Dziwani kaye mtundu wa makamera anu

Yang'anani kamchira kotuluka kumbuyo kwa kamera. Ngati kali ndi bowo lolowetsa mutu wa RJ45, ngati la pa rauta ya intaneti, imeneyo ndi kamera ya IP, yoyendera netiweki, ndipo imalumikizidwa ku chojambulira chotchedwa NVR kapena ku swichi ya PoE, kabokosi ka madoko kopatsa makamera magetsi kudzera m'kebulo ya netiweki. Kebulo imodzi yomweyo imanyamula chithunzi komanso magetsi. Ngati kamchirako kali ndi mutu wozungulira wachitsulo wa BNC, imeneyo ndi kamera ya analogi, ya AHD, TVI kapena CVI, yopita ku chojambulira chotchedwa DVR, ndipo kebulo yake yeniyeni ndi RG59, ngakhale imathekanso pa kebulo ya netiweki mukaika ma balun, tizipangizo tolumikiza mutu wa BNC ku kebulo ya netiweki, mbali zonse ziwiri. Malangizo ano akunena makamaka za makamera a IP, koma ngati mukumanga nyumba ndipo panopa muli ndi a analogi, kokanibe kebulo ya netiweki. Tsiku losintha makamera simudzafunika kuswanso khoma.

Yezani njira yeniyeni ya kebulo

Malire a Ethernet, netiweki yodzera m'kebulo, ndi mamita 100 kuchokera pa swichi kufika pa kamera. Muyezo umagawa chonchi: mamita 90 a kebulo yokhazikika m'khoma kapena m'siling'i, ndi mamita 10 a timakebulo tofewa tolumikizira kumapeto. Musayeze mowongoka ngati mmene mbalame imaulukira. Tengani tepi mutsatire mmene kebuloyo idzayendere: kukwera khoma kuchokera pa NVR, kudutsa m'siling'i, kutsika, kulowa m'paipi, kuzungulira thanki, mpaka pa nsanamira ya geti. Geti looneka kuti lili pa mamita 45 limatha kudya mamita 62 a kebulo.

Pa njira iliyonse onjezani mamita 2 kumbali ya NVR ndi mita imodzi kumbali ya kamera, kuti mutu ukawonongeka mudzadule n'kupanga wina osakoka kebulo yatsopano. Tiyerekeze nyumba ya makamera anayi: geti mamita 62, garaja 35, kuseri 28, khonde 15. Zonse ndi 140, ndipo ndi zoonjezera zija ndi 152. Bokosi limodzi limakhala ndi mamita 305, ndiye likukwanira ndi kutsala. Zotsalazo musasunge m'sitolo: kokani kebulo yachiwiri yopita ku geti nthawi yomweyo. Kukumba ngalande kachiwiri ndi kodula kuposa kebulo, ndipo ku geti n'kumene anthu amadzafunako intakomu kapena kamera ina.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiwerengera, ndicho kutentha. Mamita 90 aja anawerengedwa pa madigiri 20. Kebulo ikatentha, chizindikiro chonyamula chithunzi chimafooka msanga, moti muyezo wa TIA, bungwe loika miyezo ya makebulo, umatsitsa utali wa kebulo yopanda chitetezo cha foyilo kufika mamita 84 pa madigiri 40, ndi mamita 75 pa madigiri 60. Aliyense amene anakwerapo m'siling'i ya nyumba ya malata mu Okutobala, kaya ku Salima kaya ku Chikwawa, akudziwa mmene mumawotchera. Njira yaitali yodutsa pansi pa malata isapitirire mamita 75 kapena 80, ndipo kebuloyo igone pa matabwa a siling'i, osati kuimangirira kumtanda kokhudzana ndi lata.

Kopa weniweni kapena CCA

Apa ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Pamsika pali makebulo ambiri otchipa olembedwa Cat5e kapena Cat6 amene mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa wopyapyala pamwamba. Dzina lake ndi CCA. Ukamusenda amaoneka wofiirira bwinobwino ngati kopa, ndipo pa tesitala wamba, kachipangizo koyesera kebulo, magetsi onse asanu ndi atatu amayaka. Koma miyezo ya TIA ndi ISO ya makebulo a Cat imafuna kopa yekhayekha, choncho CCA wolembedwa Cat6 si Cat6.

Mavuto ake ndi atatu. Aluminiyamu amadutsitsa pafupifupi 61 peresenti yokha ya magetsi amene kopa wa kukula komweko amadutsitsa, ndiye mphamvu yambiri imathera m'njira ngati kutentha. Chachiwiri, ndi wosachedwa kuthyoka: mukamupinda kawiri katatu pakona kapena kumukoka mwamphamvu m'paipi, kawaya kamodzi kamaduka mkati khungu lili bwinobwino kunja. Chachitatu, chimene chimapweteka kwambiri, n'chakuti mano a mutu wa RJ45 amaboola kopa wopyapyala uja n'kusiya aluminiyamu pamtunda. Chinyezi chikafikapo, pamamera kansalu koyera kosadutsa magetsi. N'chifukwa chake CCA amagwira ntchito bwino miyezi yoyamba, woika makamera n'kulandira ndalama zake, koma mvula yoyamba ya Novembala ikagwa kamera ya ku geti imayamba kuzimazima.

Musadalire zolembedwa pabokosi zokha, ngakhale ndi poyambira. Fufuzani mawu akuti "bare copper", "solid copper" kapena "BC", ndi kukula kwa waya, 24 AWG kapena 23 AWG (nambala ikachepa, waya ndi wonenepa). Bokosi limene silikunena chilichonse za chitsulo chamkati likuchititseni kaye kukayika. Kenako pemphani wogulitsa akudulireni kachidutswa kotalika ngati chala, muyese musanalipire.

Sendani kawaya kamodzi, mukapale ndi mpeni kapena lezala. Kopa weniweni amakhala wofiira mpaka mkati. CCA amaonetsa zoyera ngati siliva mukangopala kawiri. Yang'ananinso pamene padulidwapo, pakamaso ka wayayo: ngati pakati pali poyera, ndi aluminiyamu. Mukhozanso kuyatsa machesi kapena laita pansi pa kawaya kosendedwako. Kopa amangoda kapena kufiira koma amakhalabe chilili, pamene CCA amafewa n'kugwa mutu m'masekondi ochepa. Ikaniponso maginito: akagwira, ndiye kuti mkati ndi chitsulo chokutidwa ndi kopa, chimene n'choipa kuposa CCA.

Kulemera nakonso kumaulula. Kopa yekha wa m'bokosi la mamita 305 la 24 AWG amalemera pafupifupi makilogalamu anayi ndi theka, pamene aluminiyamu wochuluka chimodzimodzi safika ngakhale makilogalamu awiri. Nyamulani mabokosi awiri a mitundu yosiyana. Lopepuka modabwitsa likuuzani lokha. Ndipo ngati muli ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, komanso nsonga zonse ziwiri za kebulo ya m'bokosi zikufikika, yezani kawaya kamodzi kuchokera nsonga ina kufika ina. Muyezo umalola ma ohm, mlingo wa mmene waya akukanira magetsi, osapitirira 9.38 pa mamita 100 alionse, ndiye bokosi lathunthu lisadutse ma ohm 29. Kopa wa 24 AWG amawerenga pakati pa 26 ndi 29, wa 23 AWG amawerenga m'ma 20 oyambirira. Mukaona 40, siyani bokosilo pomwepo.

Chinanso: kebulo ya m'khoma ikhale ya waya umodzi wolimba pa kawaya kalikonse, imene amalemba kuti "solid". Timakebulo tofewa ta "stranded", ta 26 AWG kapena 28 AWG, komanso tija tophwatalala ngati lamba, ndi tolumikizira NVR ku rauta patebulo basi. Musatiyendetse mamita 40 kupita ku kamera.

Cat5e kapena Cat6

Funso limeneli ndi laling'ono kuposa mmene limamvekera. Cat5e imanyamula 1,000 Mbps (mlingo wa liwiro la netiweki) pa mamita 100. Makamera ambiri a pakhomo ali ndi doko la 100 Mbps, ndipo kamera ya 4 MP kawirikawiri imatumiza zosapitirira 8 Mbps. Ndiye pa nkhani ya chithunzi, Cat5e ya kopa ikukwana ndi kutsala. Ubwino weniweni wa Cat6 pa makamera ndi woti nthawi zambiri waya wake ndi 23 AWG, wa mamilimita 0.57 m'malo mwa 0.51, choncho magetsi amataika ochepa ndipo kebulo sitentha kwambiri. Sankhani Cat6 pa njira zopitirira mamita 60, pa kamera yozungulira ya PTZ, kapena pa kamera yokhala ndi nyali zoyera ndi sairini. Kwina konseko Cat5e ndi yabwino. Ngati ndalama zikukukakamizani kusankha pakati pa Cat5e ya kopa ndi Cat6 ya CCA, tengani Cat5e osaganiza kawiri. Cat6A ndi yonenepa, yovuta kupinda ndipo silowa bwino m'kachipewa kotchinga madzi ka kamera. Cat7 ndi Cat8 sizikuwonjezerani kalikonse pa ntchito imeneyi.

Khungu la kebulo

Kebulo wamba ya buluu kapena yotuwa ili ndi khungu la PVC lopangira m'nyumba. Ikakhala padzuwa imauma, n'kuchita mng'alu, madzi n'kulowa. Ya panja ili ndi khungu lakuda lolimba la PE, ndipo imalembedwa "outdoor" kapena "UV resistant". Kulikonse kumene kebulo ikuona dzuwa, ngakhale theka la mita pansi pa khonde, pafunika yakudayi kapena paipi yoibisa.

Yopita ku geti kapena ku nyumba ya anyamata kudzera pansi ikhale yolembedwa "direct burial", imene mkati mwake muli mafuta onga girisi kapena tepi yomwa madzi. Musaganize kuti paipi ya kondwiti imaumitsa kebulo. Paipi iliyonse yokwiriridwa imadzalowa madzi tsiku lina, kudzera m'malumikizo kapena chinyezi chongodziunjikira, ndipo kebulo ya PVC ikagona m'madzi miyezi ya dzinja imayamba kutaya chizindikiro. Ntchito ya paipi ndi kuteteza ku khasu, makoswe ndi chiswe. Kumbani ngalande yakuya masentimita 45 mpaka 60, yalani mchenga pang'ono, gwiritsani paipi ya mamilimita 25 ngati mukudutsitsa makebulo awiri kapena atatu, matani malumikizo ndi guluu wa PVC, ndipo pamakona ikani zopinda zazitali osati zigongono zakuthwa. Siyani chingwe chokokera m'paipimo, mutseke kukamwa kwake kuti nyerere ndi makoswe asapangemo njira. M'siling'i momwe mumamveka makoswe usiku, kondwiti ya mamilimita 20 ndi yotchipa kuposa kukwera kukasaka pamene adya.

Mphenzi, mpanda wamagetsi ndi kebulo ya foyilo

M'nyumba wamba kebulo yopanda foyilo, ya UTP, ndi yokwanira. Ingoitalikitsani ndi mawaya a magetsi a 230 V pafupifupi masentimita 30 pamene zikuyenda mbali imodzi, ndipo zikafunika kudutsana zidutsane mopingasa. Musaziike m'paipi imodzi, chifukwa kupatula kusokoneza chithunzi, khungu likang'ambika magetsi a nyumba adzalowa mu NVR.

Mpanda wamagetsi wa pamwamba pa khoma ndi nkhani ina. Umatumiza mavolti masauzande angapo pafupifupi sekondi iliyonse, ndipo kebulo yoyenda nawo limodzi pamutu pa khoma imatola kugunda kumeneko. Chizindikiro chake ndi kamera imene imaduka n'kubwerera pafupipafupi, kenako doko la swichi n'kupsa. Tsitsani kebulo kutali ndi mawaya a mpandawo komanso ndi waya wochokera ku makina ake. Njira yapansi ndi yabwino koposa. Apa kebulo ya foyilo, ya F/UTP, ingathandize, pokhapokha ngati mwagwiritsa mitu ya RJ45 yachitsulo, kawaya kake kopanda khungu kakhudza chitsulocho, ndipo swichi kapena NVR yalumikizidwa ku ethi yabwino, waya wopititsa magetsi m'nthaka. Foyilo yosalumikizidwa ku ethi ndi ndalama yongotaya.

Foyilo siimitsa mphenzi. Mphenzi sichita kufunika kumenya kamera yeniyeniyo. Ikagwa pamtengo wapafupi, kebulo yaitali yapanja imatola mphamvu yokwanira kuwotcha kamera ndi NVR pamodzi. Pa njira iliyonse yotuluka m'nyumba kupita ku geti kapena pa polo, ikani chotetezera cha PoE, "surge protector", pamene kebulo ikulowa m'nyumba, ndipo ngati n'kotheka china kumbali ya kamera, chilichonse ndi waya wake waufupi wopita ku ethi. Ngati mukulumikiza nyumba ziwiri zimene iliyonse ili ndi magetsi ake, kapena mtunda wapitirira mamita 100, njira yabwino ndi faiba: ma media converter awiri, timabokosi tolumikiza faiba ku kebulo ya netiweki, ndi kaswichi ka PoE kumbali inayo. Faiba ndi galasi, sinyamula magetsi a mphenzi kuchoka nyumba ina kupita ina.

Pa mtunda wongopitirira pang'ono palinso njira ziwiri. Maswichi ambiri a makamera ali ndi batani la "extend" limene limatsitsa liwiro kufika 10 Mbps kuti kebulo ifike mamita pafupifupi 250. Limagwira pa kopa wabwino ndi kamera imodzi pa doko, koma muchepetse bitrate, kuchuluka kwa zimene kamerayo imatumiza pa sekondi, isayandikire 10 Mbps. Njira ina ndi PoE extender, yotalikitsa mtunda, yoikidwa pakati, m'kabokosi kosalowa madzi.

Werengani magetsi

Muyezo wa PoE wa 802.3af wa chaka cha 2003 umatulutsa mawati 15.4 pa doko, ndipo ofika ku kamera ndi 12.95. Wa 802.3at wa 2009, wodziwika kuti PoE+, umatulutsa 30 ndipo ofika ndi 25.5. Wa 802.3bt wa 2018 umafika mawati 60 kapena 90 pogwiritsa ntchito timawaya tonse tisanu ndi titatu. Werengani papepala la kamera mphamvu yake yapamwamba, imene ndi ya usiku, muphatikize makamera onse, muyerekeze ndi mphamvu yonse ya swichi kapena NVR. Swichi ya madoko 8 yolembedwa mawati 60 singadyetse makamera 8 a mawati 10, ngakhale doko lililonse palokha likutha. Siyani mpata wa gawo limodzi mwa magawo asanu.

Pewani kutumiza 12 V pa kebulo ya netiweki mtunda wautali, monga ena amachitira ndi adaputala ndi timawaya tiwiri totsala. Kamera ya mawati 6 pa 12 V imakoka theka la ampeya. Pa mamita 50, kupita ndi kubwerera, timawaya tiwiri ta 24 AWG tili ndi ma ohm oposa 8, ndiye mavolti 4 atayika ndipo kamera ikulandira osakwana 8. Kamera yomweyo pa PoE ya 48 V imakoka pafupifupi ampeya 0.13 ndipo imataya pafupifupi theka la volti. PoE ili ndi ubwino winanso kumene magetsi amathimathima: makamera onse amadya pamalo amodzi, choncho UPS kapena invata imodzi pa NVR ndi swichi imasunga dongosolo lonse.

Kukoka, kupanga mitu ndi kuyesa

Kokani kebulo pang'onopang'ono, wina akuimasula kubokosi. Malire ake ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 11. Ikakana, bwererani mukaone pamene yakodwa, musalimbane nayo. Pakona isapindike mothina kuposa kanayi kunenepa kwake, kutanthauza kuti kuchokera pakati pa kupindikako kufika pa kebulo pakhale masentimita awiri ndi theka kapena kuposerapo. Makilipi a misomali asaiphwanye, ndipo zomangira zapulasitiki zisalowe m'khungu. Musalumikize pakati popota timawaya ndi tepi yakuda. Njira iliyonse ikhale kebulo imodzi kuyambira pa NVR mpaka pa kamera. Lembani dzina nsonga zonse ziwiri musanaikoke.

Gulani mitu yogwirizana ndi kebulo: ya Cat6 ili ndi mabowo okulirapo a waya wa 23 AWG, ndipo ikhale yopangira waya wa "solid". Musanapange mutu, lowetsani kaye kachipewa kotchinga madzi ndi labala wake amene amabwera m'bokosi la kamera, chifukwa pa zipewa zambiri mutu ukaphanidwa labalayo salowanso bwino. Ambiri amataya kachipewaka, ndipo ndi komwe kamateteza mutu ku dzimbiri. Sanjani mitundu mofanana mbali zonse, mwa dongosolo la T568B: yoyera ndi olenji, olenji, yoyera ndi girini, buluu, yoyera ndi buluu, girini, yoyera ndi bulauni, bulauni. Musamasule kupota kwa timawaya kupitirira mamilimita 13, ndipo khungu lilowe m'mutu kuti liphanidwe pamodzi. Malumikizo onse abisike m'kabokosi ka pansi pa kamera, bowo lake liyang'ane pansi, ndipo kebulo itsike pang'ono n'kukweranso isanalowe, kuti madzi a mvula adonthere pansi m'malo motsata kebulo kulowa m'mutu.

Yesani njira iliyonse musanatseke siling'i ndi kukwirira ngalande. Pa tesitala magetsi ayake motsatana kuyambira 1 mpaka 8 mbali zonse. Dziwani kuti tesitala wotchipa saona vuto limodzi: munthu akasanja mitundu mwa dongosolo lakelake koma mofanana mbali zonse, magetsi onse amayaka, pamene mapini 3 ndi 6 sali pa timawaya topotana. Kebulo yotereyi imagwira pa mamita 10 n'kukana pa mamita 50. Choncho yang'anani mitundu ndi maso, kenako lumikizani kamera yeniyeniyo, muone mu NVR kapena pa swichi ngati yalumikizana pa 100 Mbps. Ikagwera pa 10 Mbps inu musanasindikize "extend", dulani mitu yonse iwiri mupange ina. Pomaliza phimbani kamera ndi kabokosi kapena nsalu yakuda kuti iganize kuti kwada, timagetsi ta infrared tiyake, muisiye choncho kwa mphindi 30. Ikapanda kuzima ngakhale kamodzi, kwirirani ngalande.